Ndidavutika ndi mauka miyezi yambiri chifukwa cha manyazi

Akuluakulu nonse amene mumawerenga tsamba lino, ndiyambe ndi kupepesa. Nkhani imene ndabwera nayo lero si yokambira pabwalo. Ndi ija timanong'onezana amayi okhaokha tikamachapa kudambo kapena tikamakonola pamtondo, ndipo mwana akayandikira timasintha nkhani. Ndikudziwa kuti nyuzi ino imafika m'manja mwa apongozi ndi alamu omwe. Koma akale adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndidamva, ndidachedwa kutsekula, ndipo kuchedwako kudatsala pang'ono kupasula banja langa.

Ndine mayi wa ana asanu, wa m'mudzi wina pafupi ndi mishoni ya Fonte Boa. Timalima chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere, ndipo bambo a kunyumba ndiwo amanyamula matumba kukagulitsa, nthawi zina ku Lizulu, nthawi zina mpaka ku Tete. Kulemba Chichewaku ndidaphunzira ku Ntcheu, kumene tidathawira nkhondo mu 1986 ndili kamtsikana, tisadabwerere kwathu pambuyo pa mtendere wa mu 1992.

Vuto langa lidayamba mu 2019, mvula ya namondwe Idai itangodutsa. Mayi aliyense amachidziwa chikazi chake. Chimakhala choyera kapena cha madzimadzi, sichinunkha, ndipo chimasintha malinga ndi masiku a mwezi. Chimenecho si matenda. Changa chidasanduka chachikasu, chathovu, cha fungo loipa. Kumaliseche kumayabwa usiku wonse, ndipo pokodza kumaotcha ngati ndathirapo tsabola.

Ndidapita kwa azakhali, monga timachitira tonse. Asadamve n'komwe nkhani yonse adati, "Amenewo ndi mauka, mwanangu, palibe mayi amene sadadwalepo." Adandiphikira mizu yakumwa, adandiuza kuti ndizikhala m'beseni la madzi amchere, ndizitsuka mkati ndi sopo katatu pa tsiku, ndipo adandipatsa ufa wa makungwa woti ndizivalira kuti kuume. Adanenanso kuti zikakanika tikapeze gogo wina wodziwa kudula mauka ndi lezala. Kudulako ndidakana chifukwa choopa magazi, koma zina zonsezo ndidachita mokhulupirika. Sabata zitatu zidatha, kuyabwa kudangowonjezeka, ndipo khungu lidayamba kung'ambika.

Kenaka ndidapita pamsika wina wa m'malire. Mnyamata wogulitsa mankhwala pamkeka adandipatsa mapiritsi oyera ovalira usiku, ndi makapusozi anayi ofiira ndi akuda. Adati amenewa amachiza mauka amtundu uliwonse. Ndidamupatsa ndalama ya chidebe chathunthu cha mbatata. Palibe chidasintha. Ndidabwererako kawiri, ndipo kawiri konseko ndidataya ndalama.

Chimene chidandipweteka koposa si kuyabwako ayi, koma fungo. Ndidasiya kuimba kwaya. Pamaliro ndimakhala kumapeto kwenikweni, nditavala zitenje ziwiri. Mnzanga akasuntha pang'ono pamkeka ndimaganiza kuti akundithawa. Kunyumba ndidayamba kuwakana bambo, ndimvekere mutu, ndimvekere msana. Iwo adayamba kuganiza kuti ndili ndi chibwenzi. Inenso mumtima ndimati matendawa awatenga ku maulendo awo a ku Tete. Timadya nsima mbale imodzi koma osayang'anana kumaso.

Mwezi wa Julaye, kukuzizira kwambiri monga mudziwira kwathu kuno, ndidalimba mtima n'kupita kuchipatala chathu chaching'ono. Ndidanama pakhomo kuti ndikumva malungo. Nditalowa m'chipinda cha namwino wa amayi ndi pamene ndidaulula. Sadaseke ndipo sadandikalipire. Adandifunsa mtundu wa chikazicho, fungo lake, ngati ndikumva kupweteka m'chinena, ngati ndikutaya magazi masiku osayenera, tsiku limene ndidasamba komaliza, ndiponso ngati bambo akudandaula kanthu pokodza. Adandiyeza ndi kachitsulo kotsekulira njira kuti aone khomo la chiberekero. Adandiyezanso magazi, HIV ndi chindoko, ndipo zonse ziwiri sizidapezeke.

Namwinoyo adati pachipatala chaching'ono ngati chimenecho alibe makina oonera tizilombo, choncho amatsata ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo yopereka mankhwala molingana ndi zizindikiro. Adandipatsa mapiritsi a metronidazole, amene ambiri timawadziwa ndi dzina loti Flagyl, oti ndimwe m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, pamodzi ndi mankhwala ena a chinzonono. Pomaliza adandipatsa kapepala. Adati, "Mayi, aka mukapatse abambo, abwere nawonso adzalandire mankhwala ngakhale asakumva kanthu."

Kapepala kameneko sikadafike m'manja mwa bambo. Njira yonse ndimaganiza kuti ndikawapatsa adzati ndine ndabweretsa matenda m'nyumba, adzaitana ankhoswe, ndipo mudzi wonse udzadziwa. Nditafika ndidakapinda kanayi n'kukabisa pansi pa chitini cha mchere. Mapiritsi ndimamwera kudimba. Ndi owawa, amasiya kukoma kwa chitsulo m'kamwa, koma pofika tsiku lachinayi kuyabwa kudatha, fungo lidatha. Ndidasangalala ngati ndabadwanso. Ndidabwerera kukwaya ndi kumphasa komwe.

Sipadathe mwezi, zonse zidabwerera monga kale.

Pamenepo ndidataya mtima. Ndidati mankhwala achizungu alephera, mwina wina adandichita chipongwe. Ndidabwerera ku mizu ndi sopo, ndipo miyezi ina idapita. Amene adandipulumutsa ndi mwana wanga wachisamba, amene nthawi imeneyo adali ataphunzira sekondale. Adandipeza ndikulira kuseri kwa nkhokwe. Sindidamuuze zonse, pakuti mwana sauzidwa zotere, koma adamva zokwanira. Adati, "Amayi, mawa tikwera galimoto, tipite ku Ulongwe kuchipatala chachikulu."

Kumeneko adatenga chikazi pang'ono ndi kathonje n'kupita nacho ku labotale. Namwino atabwera ndi zotsatira adati, "Mayi, takapeza kachilombo." Miyendo yanga idazizira, pakuti kwathu kuno mawu oti kachilombo ali ndi tanthauzo limodzi. Iye adaona nkhope yanga n'kufulumira kunena kuti si kaja ayi. Adajambula papepala kanthu kooneka ngati peyala, kokhala ndi timichira kutsogolo. Adati dzina lake ndi trichomonas, kamasambira m'chikazi ndipo pamakina kamaoneka kakuyenda. Kenaka adandiyang'ana n'kufunsa, "Kodi abambo adalandira mankhwala ulendo woyamba uja?" Ndidaweramitsa mutu.

Zimene adandiphunzitsa tsiku limenelo ndi zimene zandichititsa kulemba. Dzina loti mauka timaliika pa matenda angapo osiyana, monga momwe timatchulira kutentha thupi kulikonse kuti malungo. Ofala kwambiri alipo atatu, ndipo aliyense ali ndi mankhwala ake.

Woyamba ndi kandida, mbale wake wa yisiti wotupitsa mandasi. Chikazi chake chimakhala choyera, cholimba ngati chambiko, chimayabwa kwambiri koma sichinunkha. Amakonda amayi apakati, odwala shuga ndi amene angomwa kumene makapusozi. Mapiritsi ovalira aja ndidagula pamsika ndi a matenda amenewa okha. Pa matenda anga adali ngati kuthira mankhwala a anankafumbwe m'munda mwagwa chiwawu.

Wachiwiri achipatala amamutcha bacterial vaginosis. M'njira ya amayi mumakhala tizilombo tabwino, abale ake a tija timasandutsa mkaka kukhala chambiko. Timapanga kuwawasa kumene kumateteza njirayo. Tikachepa, tizilombo tina timaswana n'kudzaza malo. Chikazi chimakhala cha madzimadzi, chotuwa, chonunkha ngati nsomba, makamaka mukachoka kumphasa kapena mukamaliza kusamba, ndipo kawirikawiri sichiyabwa. Poyeza amaika kapepala kosintha mtundu. Kwa mayi wabwinobwino muyeso wa pH supitirira 4.5, koma pa matendawa umakwera. Mankhwala ake ndi metronidazole kwa masiku 7. Vuto lake ndi lakuti amakonda kubwerera. Mwa amayi ochira, oposa theka amadwalanso chaka chisadathe.

Wachitatu ndi trichomonas wangayu. Dokotala wina wa ku Paris, Alfred Donné, ndiye adayamba kumuona pamakina mu 1836. Amafala pogonana. Bungwe la zaumoyo la WHO, limene kuno timalitchula OMS, lidawerengera kuti mu 2020 mokha anthu pafupifupi 156 miliyoni a zaka za pakati pa 15 ndi 49 adatenga matendawa padziko lonse. Abambo ambiri akakhala nako samva chilichonse, ndipo amayi enanso samva kanthu. N'chifukwa chake mayi akamwa mankhwala yekha amachira, koma akabwerera kumphasa amakatenganso. Mankhwala aja sadalephere. Ndidawalepheretsa ndine ndi chitini changa cha mchere.

Namwino adatinso ine ndidali ndi matenda awiri nthawi imodzi, wachitatu ndi wachiwiri yemwe, ndipo sopo ndi makungwa aja ndiwo adathandiza kupha tizilombo tabwino. Adati mkati mumadziyeretsa mokha. Chofunika ndi kutsuka kunja ndi madzi oyera, kuchapa kabudula wamkati n'kumuyanika padzuwa, basi. Pambuyo pake mwana wanga adandiwerengera kuti akatswiri awiri, Brigitte Bagnol ndi Esmeralda Mariano, adalemba mu 2008 za mwambo wovalira mankhwala oumitsa ndi othinitsa pakati pa amayi a chigawo chathu chino cha Tete. Kafukufuku wina wa mu 2011, wophatikiza amayi pafupifupi 15,000 a m'maiko a mu Africa, adapeza kuti otsuka mkati ndi sopo amadwala kwambiri matenda a fungo la nsomba aja, ndipo iwo pamodzi ndi ovalira zoumitsa amatenga HIV mosavuta kuposa anzawo. Ngakhale ku Blantyre, kafukufuku wa amayi apakati a pachipatala cha Queen Elizabeth, wofalitsidwa mu 1998, adaonetsa kuti amene tizilombo tawo tabwino tidasokonekera adali pachiopsezo chachikulu chotenga HIV.

Tsono padatsala ntchito yovuta, youza bambo. Ndidafunsa namwino kuti kodi zimenezi zikutanthauza kuti amuna anga adayenda? Adati kachilomboka kamatha kukhala mwakachetechete mwa mwamuna kapena mkazi kwa miyezi yambiri, ndipo makina sanena kuti adayamba ndani kapena liti. Adati ntchito yake ndi kuchiza, si kuweruza milandu.

Madzulo ake, ana atagona, ndidatulutsa mapepala awiri, latsopano ndi lakale lija, litachita chinyezi ndi mchere. Ndidati, "Inu abambo, ndili ndi mawu. Miyezi yonseyi ndimakukanani chifukwa ndikudwala, ndipo achipatala akuti matendawa tili nawo tonse awiri." Adakwiya. Adati iwo ndi olimba, sakumva kanthu, ndipo ngati pali wodwala ndiye ndine. Usiku umenewo adakagona kukhitchini. Masiku awiri sadandilankhule. Tsiku lachitatu m'mamawa ndidamva akupopa njinga. Adati, "Valani, mayi, tikaone anthu anuwo."

Tidalandira mankhwala tonse awiri tsiku limodzi. Adatiuza kuti timalize mapiritsi onse ngakhale tiyambe kupeza bwino, tisamwe mowa masiku amenewo, ndipo tisagonane mpaka sabata itatha chimalizireni mankhwala. La mowalo ndi limene lidawavuta bambo, koma adapirira. Kuchokera pamenepo trichomonas sadabwererenso. Funso loti adabweretsa ndani sitidaliyankhe mpaka lero. Tidaliika pansi, ndipo aliyense adadziyankha yekha mumtima mwake. Chimene ndikudziwa n'chakuti masiku ano bambo akapita ku Tete amagona usiku umodzi wokha.

Matenda a fungo aja adandibwerera kamodzi, ndipo ndidapita kuchipatala sabata yomweyo. Kwa zaka zambiri achipatala ankati pa matenda amenewo abambo safunika mankhwala. Koma mu 2025 akatswiri a ku Australia adafalitsa kafukufuku wa mabanja 164. Pamene adachiza mayi yekha, amayi 63 mwa 100 alionse adadwalanso pasadathe sabata 12. Pamene adachiza ndi bambo yemwe, ndi mapiritsi komanso mafuta opaka, odwalanso adali 35 mwa 100. Choncho ngati matendawa akukubwererani kawirikawiri, funsani namwino za abambo.

Pali zinanso zimene timazitcha mauka koma sizili m'gulu la atatu aja. Nthawi zina palibe kachilombo kalikonse, khungu langopsa ndi sopo wonunkhira, sopo wochapira amene sadatsukuluzike bwino, kapena mankhwala ovalira. Zimenezo zimatha mukangosiya chimene chikuotchacho. Amayi amene tidasiya kusamba kapena tili pafupi kusiya, njira imauma n'kumaotcha chifukwa thupi lachepetsa mphamvu ya chikazi. Pamenepo makapusozi sathandiza, ndipo kuvalira zoumitsa ndi kuthira mchere pabala. Achipatala ali ndi mafuta ake. Amene mudakhalapo kunyanja kapena kumtsinje wa Zambezi, kapena mumasamba ndi kuchapa m'madamu, dziwani kuti likodzo limathanso kulowa m'njira ya amayi n'kuyambitsa chikazi, kuyabwa ndi timagazi. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa kusukulu. Muuzeni namwino kumene mwakhala.

Chimene ndimachiopa koposa ndi ichi. Mnzanga wina wa kwaya, amene timakhala moyandikana, adakhala zaka ziwiri akumwa mizu ya mauka. Chikazi chake chidali cha madzi, chonunkha, chosakanikirana ndi magazi, chonsecho adali atasiya kale kusamba. Pamene abale adamunyamula kupita naye kuchipatala, adapeza khansa ya khomo la chiberekero itafalikira. Tidamuika m'manda nthawi yokolola. Mozambique ndi Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri. Komatu kuyeza kwake n'kosavuta. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo malo oyamba kudwala amayera. Akapeza msanga amachiza. Katemera wa HPV woteteza atsikana ku khansayi adayamba kuperekedwa dziko lonse ku Malawi mu 2019, ndipo kuno ku Mozambique mu 2021. Mdzukulu wanga wamkazi ndidamuperekeza ndekha.

Ndiye amayi anzanga, pali zizindikiro zosayenera kudikira nazo ngakhale sabata imodzi: kupweteka m'chinena pamodzi ndi kutentha thupi, magazi mukachoka kumphasa, magazi mutasiya kale kusamba, zilonda kumaliseche, ndiponso chikazi chachilendo chilichonse muli ndi pakati. Matenda a fungo la nsomba ndi trichomonas amatha kuchititsa kuti mwana abadwe masiku asadakwane. Mwana wanga uja atatenga pakati poyamba, ndidamuuza mosabisa kuti akaona kanthu kachilendo akanene kusikelo, pakuti anamwino amadziwa mankhwala oyenera mayi wapakati. Ndiponso khanda likatentha thupi, tisathamangire kunena kuti ndi mauka a mayi wake n'kufuna lezala. Tipite nalo akaliyeze malungo. Lezala limene ladula anthu angapo lingathe kukupatsani matenda oposa amene mukuthawa.

Kwa azakhali ndi anankungwi ndilibe mawu achipongwe. Mudatilera, mudatiphunzitsa ulemu ndi kusunga banja, ndipo zimene mudandipatsa mudandipatsa mwachikondi. Ndingopempha kuti pa malangizo a kuchinamwali ndi a pachikwati muwonjezepo awa, akuti mkati simutsukidwa ndi sopo, simuvaliridwa zoumitsa, ndipo chikazi chikasintha mtundu kapena fungo mtsikana apite kuchipatala. Azakhali anga nditawafotokozera zonsezi adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati iwonso adavutika chimodzimodzi zaka za ku Ntcheu zija, koma padalibe wowauza.

Kwa inu abambo, mayi akabwera ndi kapepala ka kuchipatala musafulumire kuitana ankhoswe. Kuti afike pokupatsani kapepalako walimbana ndi mantha amene inu simukuwadziwa. Kusamva kupweteka sikutanthauza kuti mulibe kanthu. Kwerani njinga mupite naye. Ulendo wake ndi wa tsiku limodzi, pamene ine ndidataya miyezi yambiri, zidebe zitatu za mbatata ndi mtendere wa m'nyumba.

Ife a m'malire tili ndi mwayi woti chipatala tingachipeze mbali ino kapena mbali ya Malawi. Kulikonse kumene mungapite, nyamulani khadi kapena buku lanu la kuchipatala, nenani mankhwala onse amene mwamwa kale, a pamsika ndi azitsamba omwe, ndipo musanene kuti malungo pamene vuto lili kwina. Safunsa adadya phula. Chitini chija chikadalipo pathandala, ndipo tsopano pansi pake sipakhalanso kanthu.